Chick Webb: ng'oma yomwe idakanika kulowa m'chimbale

Chimbale china chomwe kampani ya Decca idatulutsa ku America mu 1938 chili ndi nkhope ziwiri zosafanana ngakhale pang'ono. Mbali imodzi kuli "A-Tisket, A-Tasket", kanyimbo ka ana ka pamasewera komwe mtsikana wa zaka 21, Ella Fitzgerald, adakasandutsa nyimbo ya dansi, nkhani yake yodandaula kadengu kotayika. Mukachitembenuza mupeza "Liza", nyimbo ya George Gershwin, yopanda woimba pakamwa, yomwe imayamba ndi ng'oma zokhazokha malipenga asanatsegule pakamwa. Bandi ndi imodzi yomweyo. Nyimbo yoyambayo adaijambula pa 2 Meyi, inayo pa 3 Meyi, ndipo mwini bandi adali woimba ng'oma, Chick Webb. Anthu adakhamukira m'masitolo kukagula kadengu. "Liza" adangopita nayo kunyumba ngati pulaizi ya pamsika.

Mlandu wa Webb wagona pa chimbale chimenechi. Anzake oimba ng'oma, kuyambira Gene Krupa, Buddy Rich mpaka Art Blakey, ankamutchula ndi ulemu womwe munthu amapereka kwa mphunzitsi wake. Koma munthu wa lero akatenga nyimbo zake n'kuyamba kumvetsera imodzi imodzi, sachedwa kufunsa kuti: nanga ng'oma zotchukazo zili kuti? Akumva mtsikana akuimba za chikondi, akumva malipenga, koma kumbuyoko kukungomveka kaphokoso ngati munthu akusesa pakhonde. Ena afika ponena kuti mbiri ya mkuluyu ndi yokokomeza. Ena akuti ayi, katswiri adalidi katswiri, koma adagulitsa bandi yabwino posinthanitsa ndi tinyimbo ta ana. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo onsewa, m'kuona kwanga, amamvetsera pamalo polakwika.

William Henry Webb adabadwira ku Baltimore, m'chigawo cha Maryland, pa 10 Febuluwale 1905. Ali wamng'ono adadwala TB ya fupa la msana yomwe idamusiya wamfupi kwambiri, wa linunda, ndiponso womva ululu moyo wake wonse. Ng'oma zake zoyamba adagula ndi ndalama zogulitsa nyuzipepala. Adayamba kuimba m'sitima zapamadzi zonyamula anthu okasangalala pa Chesapeake Bay, kenaka pakati pa zaka za m'ma 1920 adalowera ku New York limodzi ndi mnzake woimba banjo ndi gitala, John Trueheart. Mu 1926 Duke Ellington adamupezera ntchito yotsogolera kagulu kakang'ono pa malo ena achisangalalo otchedwa Black Bottom, utsogoleri n'kuyambira pomwepo.

Olemba ambiri amakonda kuima nthawi yaitali pa linundalo, kupukusa mutu ndi kudabwa kuti munthu wotero adakwanitsa bwanji. Ine sindiimapo. Chifundo chimatseka makutu, ndipo Webb sadapemphe munthu kuti amuchitire chifundo. Chomwe thupi lake likutiuza pa nkhani ya luso n'chakuti ng'oma zake adazikonza moti zimuyenere: zidali pa chimango chachitsulo cha mateyala, zopondera zake zopangidwira miyendo yake, ndipo ankakhala pamwamba, pakati penipeni pa bandi, aliyense akumuona. Sankawerenga manotsi a nyimbo. Wosanja nyimbo akabwera ndi mapepala, ena onse maso papepala, iye ankangomvetsera, n'kusunga m'mutu polowera lipenga lililonse. Mtsogoleri wotere salamula ndi kandodo ka m'manja. Amalamula ndi phazi.

Kuti timumvetse tiyenera kuyamba talowa mu Savoy Ballroom, holo ya dansi ya pa Lenox Avenue ku Harlem, yomwe idatsegulidwa mu 1926 n'kutsekedwa mu 1958. Kuyambira 1931 bandi ya Webb ndiyo idali ya panyumba kumeneko. Holoyi idali yosiyana ndi Cotton Club, komwe akuda ankaimba ndi kuvina koma oonera adali azungu. Ku Savoy wakuda ndi mzungu ankalowa khomo limodzi n'kuvina pabwalo limodzi, chinthu chosowa m'America wa masiku amenewo. Mudali nsanja ziwiri za mabandi moyandikana, moti ina ikamaliza inzake inkalandirira pomwepo, nyimbo osaduka. Ndipo mudali ovina gule wa lindy hop, anyamata ndi atsikana onga Frankie Manning ndi Norma Miller, omwe sankaopa kuonetsa kuti bandi yawagwiritsa mwala. Ovina akaima n'kupinda manja, bandi yatha basi.

Aliyense yemwe adaimapo pabwalo la gule wamkulu akudziwa kuti woimba mbalule sayang'ana kumwamba. Maso ake amakhala pa mapazi a gule. Gule akaponda iye wayankha, iye akaitana gule watembenuka, moti simungadziwe amene akutsogolera mnzake. Webb adali woimba ng'oma wa mtundu umenewo. Manning ankasimba kuti tsiku lomwe iye ndi Frieda Washington adaonetsa koyamba sitepe yoponyana m'mwamba, pa mpikisano wa mu 1935, amene ankaimba adali Webb, ndipo ng'oma zinkagwera pomwe phazi lagwera. Tsono tengani woimba mbalule uja, mumutsekere m'chipinda chopanda gule, chopanda fumbi, chopanda nthungululu, mumuuze kuti aimbe mphindi zitatu zokha komanso asamenye kwambiri. Chomwe mujambule pamenepo n'chomwe tili nacho cha Chick Webb.

Sindikunena mophiphiritsa. Chimbale cha masiku amenewo, chozungulira ka 78 pa mphindi, chinkanyamula mphindi zitatu ndi timasekondi pang'ono mbali imodzi. Nyimbo inkalembedwa ndi singano pa phula nthawi yomweyo oimba akuimba, popanda kubwerera kukakonza. Ng'oma yaikulu ya phazi ikagunda mwamphamvu singano inkatha kulumpha, phula n'kuonongeka, choncho akatswiri a m'situdiyo ankaika woimba ng'oma kutali ndi maikolofoni, nthawi zina n'kufunditsa ng'omayo nsalu. Woimba lipenga sankataya zambiri polowa m'situdiyo. Woimba ng'oma ankasiya theka la mawu ake pakhomo. Ndipo mwa onse, yemwe adataya zambiri adali Webb, poti mphamvu yake idali pa ng'oma ya phazi yomweyo, yomwe omwe adaimva ku Savoy ankati inkamveka m'chifuwa.

Koma tisaike mlandu wonse pa singano. Mu Julaye 1937 Benny Goodman adajambula "Sing, Sing, Sing" ku kampani ya Victor, ndipo adampatsa chimbale chachikulu cha mainchesi 12, mbali zonse ziwiri, mphindi zoposa zisanu ndi zitatu, Krupa akugunda ng'oma kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chaka chomwecho Krupa adaoneka m'filimu ya Hollywood Hotel, tsitsi lili pamaso, dziko lonse n'kudziwa nkhope ya woimba ng'oma. Makina adalipo, eti? Chomwe Webb adasowa ndi munthu wa kampani woganiza kuti ng'oma za munthu wakuda wa ku Harlem zingayenere mphindi zisanu ndi zitatu. Palibe ngakhale filimu imodzi yomuonetsa bwinobwino akuimba.

Nyimbo zake zoyamba kutuluka pa chimbale adajambula mu 1929 ku Brunswick, pa dzina loti Jungle Band, dzina lomwe kampaniyo inkapachikanso pa bandi ya Ellington. "Dog Bottom" ndi ya chaka chimenecho, ndipo muli timipata pomwe bandi imakhala chete iye n'kuyankha yekha. Ndi zachinyamata, zothamanga, koma dzanja likudziwika kale. Mu Disembala 1932 bandi yake ndiyo idaperekeza Louis Armstrong pa nyimbo monga "Hobo, You Can't Ride This Train". Zaka zimenezi zidali za njala. Webb adali ndi khutu lodziwa kutola oimba abwino koma adalibe thumba lowasungira: Johnny Hodges ndi Cootie Williams onse adadzera kwa iye asanakakhale mizati ya bandi ya Ellington. Ankalera ana, eni ndalama n'kudzatenga atakula.

Chaka chomwe bandiyi idapeza mawu akeake ndi 1934, ndipo munthu woyenera kumuthokoza ndi Edgar Sampson, woimba sakisofoni wofatsa yemwe ankapeka ndi kusanja nyimbo. "Let's Get Together", "Stompin' at the Savoy", "Blue Lou", "Don't Be That Way", "If Dreams Come True": zonsezi ndi za m'manja mwake. Luso la Sampson lidali losavuta kulimva koma lovuta kulitsanzira. Ankatenga kachiganizo kakafupi, n'kupatsa masakisofoni kuti afunse, malipenga kuti ayankhe, n'kusiya mipata yokwanira kuti mpweya udutse. M'mipata imeneyo ndimo Webb ankakhala. Mvetserani "Don't Be That Way" ya mu Novembala 1934. Kwa mphindi ziwiri simumuona, mukungomva kuti galimoto ikuyenda bwino. Chakumapeto bandi ikumusiyira kampata, iye akulankhula mawu ochepa, omveka, n'kubweza bandi pamalo pake ngati mayi wokhazika mphika pamafuwa. Sawonjezera ngakhale kugunda kumodzi.

Nyimbo ziwiri mwa zimenezi dziko limazidziwa ngati za Goodman. Iye adajambula "Stompin' at the Savoy" mu Januwale 1936, patapita chaka ndi miyezi kuchokera pomwe Webb adaijambula mu Meyi 1934, ndipo ya Goodman ndiyo idagulidwa kwambiri. "Don't Be That Way" ndiyo adatsegulira konsati yake yotchuka ya ku Carnegie Hall mu 1938. Pano pamafunika kudekha, chifukwa n'kosavuta kungofuula kuti wakuba. Goodman sadabe. Adagula kwa Sampson, monga ankagulira kwa Fletcher Henderson, ndipo bandi yake inkaimba mwaukhondo, mosaphonya. Komanso mukayang'ana mayina a opeka pa "Stompin' at the Savoy" mupeza Sampson ali pakati pa mabwana awiri, Goodman ndi Webb yemwe. Chizolowezi choti mwini bandi alembetse dzina lake pa nyimbo ya wantchito wake sichinkasankha khungu. Kusalungama kudali kwina: Goodman adali ndi pologalamu ya wailesi yolipiridwa ndi makampani, mahotela akuluakulu, ndi manyuzipepala omutcha mfumu ya swing, zinthu zomwe bandi ya akuda sinkazilota.

Ziikeni pamodzi nyimbo ziwirizo. Ya Goodman ndi yodekha, yosalala, yoyenera anthu ovala bwino omwe sakufuna kutuluka thukuta. Ya Webb ndi yothamanga, m'mbali mwake muli minga, ndipo lipenga lokoka lija la trombone la Sandy Williams limalowa ngati munthu wobwera ndi nkhani yofunika. Ya Goodman ikukamba za Savoy. Ya Webb ili mu Savoy momwemo. Ine ndimasankha ya Webb, koma sindinganamize awerengi kuti ya Goodman ndi yoipa.

Awiriwa adakumana maso ndi maso pa 11 Meyi 1937, pa umodzi mwa mipikisano ya mabandi yomwe Savoy inkakonza. Malipoti a nthawiyo adati anthu 4,000 adalowa ndipo ena 5,000 adabwerera pakhomo. Goodman adabwera ndi Harry James, Ziggy Elman, Jess Stacy ndi Krupa. Poti mabandi onse awiri adali ndi nyimbo za Sampson, anthu adamva nyimbo imodzimodzi kuchokera kunsanja iyi ndi iyo, ndipo chigamulo chidali chosakayikitsa: Webb. Krupa mwini adavomera kuti adagonja, ndipo sadasinthe mawu mpaka imfa yake. Usiku umenewu ndiwo mwala wapangodya wa mbiri ya Webb, ndipo palibe adaujambula. Tikukhulupirira mboni. Tisaiwalenso kuti ankasewera pabwalo la kwawo, pamaso pa ovina omwe ankawadziwa mayina ndi mapazi, komanso kuti miyezi iwiri m'mbuyomo Ellington adabwera pa nsanja yomweyo n'kumugonjetsa. Okonda Webb sakonda kuikumbuka imeneyo.

Ndipo chifukwa chomwe Ellington adapambanira chikutifikitsa pa chofooka chenicheni cha bandiyi. Idalibe oimba paokha a msinkhu wa Hodges kapena Lester Young. Taft Jordan adali wa lipenga wokoma ndi wosangalatsa anthu, koma nthawi zambiri ankavala malaya a Armstrong, mpaka ndi mawu a pakhosi omwe. Bobby Stark ndi Sandy Williams ndiwo adali ndi zonena zawozawo. Mario Bauzá wa ku Cuba ankatsogolera malipenga mwa mwambo, ndipo Louis Jordan, yemwe adakhalamo kuyambira 1936 mpaka 1938, adali asanapeze njira yake. Sampson atachoka mu 1936 bandi idatsala yopanda mlembi mmodzi woipatsa nkhope. Nyimbo zinkachokera kwa uyu ndi uyo. Bandi ya Ellington mungaizindikire ndi kamvekedwe kamodzi. Ya Webb mumaizindikira ndi mayendedwe okha, ndipo mayendedwewo adali munthu mmodzi.

N'chifukwa chake nyimbo zochepa zomwe adamutsegulira khomo zili zamtengo wapatali. "Clap Hands! Here Comes Charley" ya mu Malichi 1937 ndi kucheza kwa bandi ndi ng'oma, uyu kuponya uyu kuwakha. "Harlem Congo" ya mu Novembala chaka chomwecho, yosanjidwa ndi Charlie Dixon, imathamanga liwiro loti bandi zambiri zikadagwa chafufumimba, koma pano palibe akupunthwa. Chakumapeto Webb akutsala yekha, akuyenda pa ng'oma zonse, pa belu, pa mbale zamkuwa, kenaka bandi ikulowa pang'onopang'ono ngati anthu otula katundu atafika. Pomwe ambiri a nthawi yake ankaonetsa liwiro la manja, iye ankaonetsa kamangidwe. Ng'oma zake adazikunga mosiyanitsa mawu, ina yaikazi ina yaimuna, moti akamasuntha kuchoka pa iyi kupita pa iyo mumamva chiganizo chokhala ndi mutu ndi mchira. Amadziwa kutsitsa mawu kuti kukweza kwake kudzamveke. Ndipo samaliza mochedwa kapena mofulumira: kugunda kwake komaliza ndiko chitseko chomwe malipenga alowere.

"Liza" ndiyo nsonga. Imayamba ndi iye, osati mwaphokoso koma mokhala ngati akuyala mphasa, kenaka bandi ikukhalapo. Stark akuimba gawo lake labwino koposa, ndipo kumbuyo kwake Webb akumukankha osamupondereza. Akafika pa gawo lakelake simufunanso mboni za ku Savoy. Mwamva nokha chomwe Krupa adagonjera. Yemwe akufuna mbali ina ya munthuyu afunefune nyimbo za kagulu kake ka anthu asanu, Little Chicks, za mu 1937, monga "I Got Rhythm" ndi "In a Little Spanish Town". Muli chitoliro cha Wayman Carver, chida chomwe chidali chachilendo m'jazi nthawi imeneyo, ndi clarinet ya Chauncey Haughton, ndipo Webb wasiya timitengo watenga maburashi. Munthu yemwe ankagwedeza holo ya anthu zikwi akunong'ona. Kunena zoona tinyimboti n'topepuka, nthawi zina tokoma mopitirira ngati tiyi wa alendo, koma dzanja la pa maburashilo ndi sukulu payokha.

Tsono tibwere kwa mtsikana uja. Ella Fitzgerald adapambana mpikisano wa oimba ongoyamba kumene ku Apollo Theater mu Novembala 1934, ali ndi zaka 17, wamasiye, wopanda pokhala penipeni. Bardu Ali, yemwe ankaima kutsogolo kwa bandi ya Webb n'kumalankhula ndi anthu, ndi mmodzi mwa omwe adamukokera kwa bwana wake. Webb poyamba adakana, ataona mavalidwe. Atamumva adasintha maganizo, ndipo mu Juni 1935 adalowa naye m'situdiyo koyamba. Kuchokera 1936 kupita mtsogolo, nyimbo zambiri zomwe bandi idajambula zidali za Ella. Otsutsa, kuphatikizapo Gunther Schuller m'buku lake lalikulu la The Swing Era la mu 1989, adaona apa kutsika kwa bandi yomwe ikadatha kuchita zazikulu.

Pali zoona m'dandaulo limeneli. Kadengu katagulidwa, n'kukhala pamwamba pa nyimbo zonse za m'America kwa milungu ingapo, kampani idafuna kadengu kena, ndipo chaka chisanathe kudatuluka "I Found My Yellow Basket". Mu 1939 kudabwera "Chew-Chew-Chew", nyimbo ya chingamu. Abale, woimba ng'oma woposa onse m'dziko, miyezi yake yomaliza, akuperekeza nyimbo ya chingamu! Decca ya Jack Kapp inkagulitsa chimbale pa masenti 35 pomwe Victor inkagulitsa pa 75, ndipo msika wake waukulu udali majukubokosi a m'mabala. Kampani yotere imafuna nyimbo yomwe woledzera angaiimbe akamapita kwawo. Mphindi zitatu zilizonse zomwe zidapita ku chingamu ndi "Liza" ina yomwe sitidzaimva.

Koma amene amati Ella adaononga bandi amaiwala zinthu zingapo. Asanabwere iye, m'bandimo simudali m'paradaiso wa jazi yokhayokha. Mudali kale oimba pakamwa, Taft Jordan ndi kutsanzira kwake, ndi amuna a mawu a uchi oimba nyimbo zachikondi zomwe lero palibe amazikumbuka. Ella adalowa m'malo mwa zofooka, osati mwa zamphamvu. Chinanso, mtsikanayu ankaimba ngati woimba ng'oma. Mvetserani pomwe amaika mawu ake mu "You'll Have to Swing It" ya mu 1936: satsalira, sathamangira, amakhala pamwamba penipeni pa kugunda kwa nyimbo, ndipo akafuna kuchedwa amachedwa dala. Izi adaziphunzira usiku ndi usiku ataima patsogolo pa ng'oma ya phazi ya Webb. Ndinganene mosaopa kuti chimbale chachikulu koposa chomwe Webb adasiya ndi Ella mwiniyo, yemwe adanyamula nthawi ya ku Savoy m'mawu ake kwa zaka zina makumi asanu. Ndipo zikakumana bwino, monga mu "Undecided" ya Charlie Shavers yomwe adajambula mu Febuluwale 1939, simufunsanso kuti nyimboyi ndi ya woimba kapena ya bandi.

Palinso nkhani ya m'thumba, yomwe otsutsa okhuta sakonda kuikhudza. Webb adali ndi anthu oposa khumi ndi awiri oti awalipire sabata ndi sabata, m'zaka zomwe chuma cha America chidali chitagwa. Kwa zaka khumi adali mfumu ku Harlem koma wosadziwika kutsidya kwa mtsinje wa Hudson, akuona oimba ake akutengedwa ndi nyimbo za bandi yake zikulemeretsa ena. Kadengu kaja, komwe adakasanja ndi mnyamata wachizungu Van Alexander, ndiko kadamutsegulira maholo ndi mawailesi omwe adali otseka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yemwe akufuna kuti Webb akadakana ndalama imeneyo kuti ife a lero tisangalale ndi zimbale zabwino, ayambe wanena kuti akadalipira ndani malipiro a Sandy Williams.

Mpikisano womwe umandipatsa maganizo kwambiri si wa Goodman uja koma wa pa 16 Januwale 1938. Usiku womwewo Goodman atamaliza ku Carnegie Hall, anthu adathamangira ku Savoy kukaona Webb ndi Ella akulimbana ndi Count Basie, yemwe adali ndi Billie Holiday, Jimmy Rushing, Lester Young ndi woimba ng'oma Jo Jones. Chigamulo chidagawanika: ena adati Webb, ena adati Basie. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anyamata a ku Kansas City adabwera ndi kaimbidwe kena. Webb ankamanga nyimbo kuchokera pansi, ng'oma ya phazi ikugunda kanayi kanayi, yolemera, yosasunthika. Jones adasamutsira nthawi pa timbale tiwiri totsekulidwa ndi phazi, nyimbo n'kupepuka, n'kuyamba kuyandama. Patangopita zaka zochepa Kenny Clarke adaisamutsiranso pa mbale yaikulu ya kudzanja lamanja, ng'oma ya phazi n'kutsala yongothirira ndemanga, ndipo jazi ya bebop idabadwira pamenepo. Kaya adapambana ndani usiku umenewo, njira yomwe jazi idatsata idali ya Jones.

Apa ndiye pali malo enieni a Webb, ndipo si malo onyozeka. Iye sadali woyambitsa za mawa. Adali womaliza ndi wokwaniritsa za dzulo: adatenga ng'oma za maguba ndi za m'mabwalo a zisudzo, za mabelu ndi timatabwa togogoda, n'kuzisandutsa chiwongolero cha bandi yaikulu. Asanabwere iye woimba ng'oma adali wosunga nthawi wokhala kumbuyo. Iye adaonetsa kuti munthu angatsogolere anthu khumi ndi asanu atakhala pampando wa ng'oma, kuwakonzera polowera, kuwadzutsa akagona, kuwabweza akathamanga. Krupa atayambitsa bandi yakeyake mu 1938, ndi Buddy Rich pambuyo pake, ankayenda m'njira yolambulidwa kale. Aliyense woimba ng'oma m'bandi yaikulu yemwe amagunda kawiri katatu kukonzekeretsa malipenga asanalowe akubwereza phunziro la Webb, kaya dzinalo adalimvapo kaya ayi.

Ndalama zidafika thupi litatha. Mu 1938 ndi 1939 ankayenda maulendo ataliatali a dansi ya usiku umodzi umodzi, nthawi zina kukomoka akatsika pansanja, ndipo masiku ena woimba ng'oma wina ankamugwirira nyimbo zingapo kuti apume. Adamwalira pa 16 Juni 1939 m'chipatala cha Johns Hopkins kwawo ku Baltimore, atachitidwa opaleshoni, ali ndi zaka 34. Ella adaimba pamaliro. Bandi idapitirira pa dzina lake, Bill Beason atakhala pampando wa ng'oma, mpaka idabalalika mu 1942. Zimbale za zaka zitatu zimenezo n'zaukhondo ndithu, oimba ndi omwewo, mapepala a nyimbo ndi omwewo, koma mukazimvera motsatana ndi za 1937 mumazindikira msanga chomwe chachoka. Umboni wina wa ukulu wa Webb ndi umenewo: dzenje lomwe adasiya. Omwe adachoka kale adakatsegula misewu yawo, Louis Jordan ndi kagulu kake ka Tympany Five, Bauzá ndi mlamu wake Machito m'bandi ya Afro-Cubans.

Lero zonse zomwe adajambula ku Decca zikupezeka; kampani ya Mosaic idazisonkhanitsa m'bokosi la ma CD asanu ndi atatu mu 2013, ndipo mu 2023 Stephanie Stein Crease adatulutsa buku la moyo wake, Rhythm Man. Bokosi lotere si lomvera kuyambira koyamba mpaka kumapeto ngati ulaliki. Muli mankhusu ambiri, ndipo womvera ayenera kupeta. Koma kunja kwa zimbale za kampani kuli tizidutswa tina tomwe tidajambulidwa kuchokera pa wailesi, bandi ikuimba pamaso pa anthu. Timodzi mwa ito ndi ta ku Southland, mumzinda wa Boston, mu Meyi 1939. Mawu ake ndi okanda, a m'chitini, koma kumeneko kudalibe katswiri woopa singano, ndipo ng'oma zili kutsogolo. Mukumva munthu akukankha bandi yonse ndi phazi, akuyankha lipenga lililonse, anthu akukuwa kumbuyo. Apo n'kuti kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti amwalire.